Efeso, Ephesus kapena Ephesos, lolondola ndi liti?

Funso: Aphunzitsi ndithandizeni, ndikulemba asayimenti ya histore ndiye buku lina lalemba Ephesus lina Ephesos pomwe kutchalitchi timati Efeso, kodi ndi mizinda yosiyana kapena wina analakwitsa kalembedwe?

Yankho: Palibe analakwitsa achimwene, mzinda ndi umodzi womwewo, mabwinja ake ali ku Turkey. Nkhani yake ndi yoti Aroma atalanda madera a Agiriki (Korinto anamugumula mu 146 BC, Julius Caesar nkudzamumanganso mu 44 BC) mayina aja ankawalemba mwa Chilatini chawo, ndiye pomwe Mgiriki ankamaliza ndi -os iwo ankaika -us, k nkusanduka c, ai nkusanduka ae. Korinthos anakhala Corinthus, Miletos Miletus, Athenai Athenae, Byzantion Byzantium. Ena anawapotoza mpaka osawazindikira, Akragas wa ku Sicily ankamuti Agrigentum, Taras ankamuti Tarentum. Chingerezi chinatengera kwambiri ku Chilatini, nchifukwa chake mabuku akusukulu angodzaza ma -us okhaokha.

Ifeyo mawu athu sathera pa s, amafuna vawelo kumapeto, ndiye omasulira Baibulo anati Efeso, Korinto, Mileto, Atene, Tesalonika. Chomwe chimandisangalatsa ine nchoti kalekalelo Agiriki ph uja sankamutchula ngati f ayi, ankamutchula momwe timatchulira ph wa mu phiri, th naye ngati wa mu thupi, moti Mchewa akawerenga Ephesos mwachichewa chake akuyandikira matchulidwe akale kuposa Mngelezi, koma imeneyo tangodutsamo.

Ndiye mulembe liti? Mukamalemba Chichewa, makamaka za mpingo, gwiritsani Efeso ndi Korinto basi, anthu anawazolowera ndipo simukuyenera kuchita nawo manyazi. Mzinda umene mulibe m'Baibulo, monga Byzantium, usiyeni momwe mwaupezera, osayamba kupanga Bizantiyamu yanuyanu poti wowerenga akakafufuza pa intaneti sakaupeza. Pa asayimenti yanuyo sankhani mbali imodzi, Chigiriki kapena Chilatini, osati tsamba loyamba Miletos lachitatu Miletus. Ndipo ngati mukunena za Tesalonika walero womwe anthu akukhalamo, lembani Thessaloniki.

China, ndimamva alaliki ena akuti "Paulo anapita ku Akorinto". Ayi ndithu. A woyambayo akuimira anthu, ngati mmene timanenera Achewa, Atumbuka. Akorinto ndi eni mzinda omwe analandira kalata, kumene Paulo anapita ndi ku Korinto.