Za makande ndi mchenga wa kuseri kwa nyumba uja

Achemwali, khasulo liyikeni kaye pansi. Nditangowerenga kuti kuseri kwanuko ndi makande, madzi amadikha, ndiye munthu wina akuti muthiremo mchenga ndi zitosi za nkhuku, thupi langa lachita tsembwe. Ine zimenezo zinandichitikira ndipo mpaka lero ndikamva fungo la zitosi zaziwisi mtima umandiwawa.

Malo anga anali ngati anuwo. Dzuwa likawomba dothi limang'aluka ming'alu yolowa chala, mvula ikagwa limamata ku nsapato mpaka umayenda ngati wavala njerwa. Ndinafesa matimati ndekha pa nazale, mbande 60, ndikuzithirira m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito kwa masabata asanu. Zinali zobiriwira bwino, tsinde lonenepa. Kenako mnzanga wa kuntchito anandilozera bambo wina wodzitcha katswiri wa zamadimba. Anabwera, sanakumbe ngakhale kadzenje, anangopalasa dothi ndi nsonga ya nsapato n'kuyamba kulamula. Akuti mabedi akhale olowa pansi kuti azisunga madzi. Akuti tithire mawilibala asanu a mchenga kuti dothi lifewe. Zitosi akuti abweretsa za m'khola mwake, zowolerana kale. Matumba aja atafika anali otentha ukawagwira, fungo lake lolasa m'maso mpaka misozi. Ndinafunsa ndithu, iwo akuti ndiye mphamvu yakeyo. Ine poti sindinkadziwa kanthu ndinalipira, n'kuthokoza kawiri.

Tinawokera Loweruka madzulo. Pofika Lachiwiri masamba anali atayamba kupsa m'mphepete ngati wawayandikiza ku moto. Nditawaimbira foni anati ndiwonjezere madzi. Ndinawonjezera. Ndiye Lachinayi usiku mvula inayamba, yosaleka masiku awiri.

M'mawa wa Loweruka lotsatira sindidzauiwala. Nditatsegula chitseko chakuseri ndinapeza mabedi onse anayi asanduka mabafa. Madzi ake abulauni, pamwamba thovu, ntchentche zili ng'waa, fungo lake loti mwana wanga anaima pakhonde atatseka mphuno n'kumandifunsa ngati chimbudzi chaphulika. Mbande zinkangooneka timitu tokha, tofota, togwera m'madzi. Ndinalowamo osavala nsapato n'kugwira imodzi, inangozuka yokha osalimba n'komwe. Mizu yomwe inali yoyera pa nazale inali yakuda, yoterera, yonunkha ngati dzira lovunda. Ndinazula ina, chimodzimodzi. Ndinatenga ndowa n'kuyamba kukapa madzi, ndikataya ndowa khumi ndikacheuka madzi abwereranso pomwe anali chifukwa makande onse ozungulira ankatsanulira m'maenje omwewo. Ndinakapa mpaka msana unakana. Pomaliza ndinaterereka n'kukhala pansi m'matope a zitosi aja, ndipo sindinadzuke msanga ayi, ndinalira pomwepo, munthu wamkulu ndi ana anga. Pa mbande 60 zinapulumuka zinayi zokha, zomwe ndinabzala m'mphepete pa mulu wa dothi lomwe tinafukula pokumba. Zinayizo ndiye zinandiphunzitsa zomwe katswiri uja sanandiuze.

Bambo aja? Foni anasiya kuyankha sabata yathunthu. Tsiku lomwe ndinakumana nawo panjira anandiuza, osachita manyazi, kuti vuto ndi dzanja langa, ena sabzala zinthu n'kumera. Dzanja langa! Lomwe linalera mbande zija masabata asanu popanda imodzi yofa! Anthu oterewa amangoloweza njira imodzi n'kumaigulitsa pakhomo lililonse, kaya ndi pamchenga kaya ndi padambo, iwo alibe nazo ntchito bola alandire zawo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mvula itatha, dothi losakaniza ndi mchenga lija linauma gwaa kuposa kale, khasu limachita kudumpha. Tinthu ta makande n'tating'ono kwambiri, timangolowa m'mipata ya mchenga n'kumatirira, ndiye mchenga wochepa m'makande umangokupangirani njerwa. Kuti usinthe dothi pamafunika mchenga wochuluka zedi, osati mawilibala asanu.

Ndiye inu chitani izi musanawononge ndalama. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi, aphwe, mudzazenso kachiwiri. Mukapeza madzi achiwiriwo akadalimo mawa lake, iwalani za mabedi olowa pansi. Mizu imapuma mpweya, ndipo matimati akakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu amafota ngakhale madzi ali mbwee. Kwezani mabedi masentimita 20 mpaka 30, m'lifupi asapitirire mita imodzi ndi pang'ono kuti muzifika pakati osapondapo, ndipo mulambule kangalande kotulutsa madzi kumunsi. Chofewetsa makande ndi zowola: kompositi, masamba ouma, ndowe zakalekale. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 5, koma usakhudze tsinde. Osalima dothilo lili lonyowa, mukafinya m'manja n'kumatuluka ngati phula dikirani kaye. Sizisintha chaka chimodzi, kwanga nyongolotsi ndinayamba kuziona chaka chachiwiri.

Mabedi olowa pansi si oipa paokha, ndisawanamizire. Mchemwali wanga ali pamchenga pomwe madzi amangolowa ngati wathira m'sefa, iyeyo mabedi amenewa ndi omwe amamuthandiza, pamodzi ndi kuphimbira kwambiri. Kungoti kwa inu ndi ine ndi manda a mbewu.

Mwanenanso kuti mbali ina kuli mthunzi wa mpanda. Tsiku lina mukakhala pakhomo werengani maola omwe dzuwa limafika pamenepo. Matimati, tsabola ndi mabiringanya amafuna maola 6 kapena kuposa, kupanda apo amangotalika n'kumayoyola maluwa. Pomwe limafika maola 3 kapena 4 ikanipo zamasamba monga letesi, sipinachi ndi mpiru, zimapirira ndithu ngakhale zimakula pang'onopang'ono. Ngati pafupi pali mtengo waukulu, makamaka bulugama, mizu yake idzakuberani madzi ndi chakudya chonse, ndiye bola kubzala m'matumba kapena m'ndowa zakale zoboola pansi. Ine chaka chotsatira ndinabzala matimati m'matumba, limodzi limodzi pa thumba, nditawasanjika pa njerwa, ndipo ndi omwe anandibwezera mtima. Kungoti thumba limauma msanga, kukatentha n'kuthirira tsiku ndi tsiku, ukadumphitsadumphitsa zipatso zimayamba kuda kumatako.

Zitosi za nkhuku musazithawe chifukwa cha nkhani yangayi. Pa manyowa onse omwe ndayesapo palibe oposa amenewa. Zaziwisi zili ndi amoniya wambiri, ndiye fungo lolasa m'maso lija, ndipo ndi amene amawotcha mizu. Ziunjikeni pambali posakaniza ndi udzu kapena masamba ouma, muzizitembenuza, zikhale miyezi itatu kapena kupitirira mpaka zizizire, zide, zizinunkhira ngati dothi la pansi pa mitengo. Kunena zoona ine nthawi zina ndimalephera kudikira, ndimathira zosawolerana bwino pang'ono chabe kutali ndi tsinde, ndipo sizinandipweteke, koma inu musatengere ine. Komanso musamvere za akatswiri oyendayendawa, ngakhale kuti munthu wolima pafupi nanu pa dothi lomwelo ndi bwino kumufunsa, amadziwa komwe madzi amadzera. Ndipo musaseke, zitosi ndimagulabe kwa bambo omwe aja chifukwa ndi okhawo ali ndi khola pafupi, kungoti masiku ano thumba ndimalipisa dzanja ndekha iwo ali chiimire pomwepo.

Mbande zanuzo zisiyeni kaye pa nazale sabata ina, sizifa. Kumbani dzenje lija lero, mawa mutiuze ngati madzi aphwa.