Mapiritsi a vitamini C osungunula m'madzi aja: tipitirize kapena tisiye?

FUNSO: Zikomo Amayi. Chiyambireni nyengo yozizira ino, bambo akunyumba akumagula mapiritsi a vitamini C osungunula m'madzi aja, olembedwa kuti 1000 mg. Iwo akumamwa awiri pa tsiku, ndipo mwana wathu wa zaka 5 akumamupatsa limodzi lathunthu, ati asadwale chimfine. Sabata ino onse awiri atsegula m'mimba. Ine ndikuti ndi mapiritsiwo, iwo akuti ndi madzi apamjigo. Ndalama ikupitanso yambiri ndithu. Tipitirize kapena tisiye? Ndine mayi wa ana atatu, ku Dedza.

YANKHO: Mayi, madzi apamjigowo sindingawaikire kumbuyo ndili kuno. Ngati kutsegula m'mimbako sikusiya, kapena mwana akusanza ndi kufooka, mumwetseni ORS ndipo muthamangire naye kuchipatala. Koma pa nkhani ya mapiritsi ndili mbali yanu, ndipo mwanayo asiye lero lomwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Akatswiri a zakudya a ku America amati bambo wamkulu amafunika vitamini C wokwana 90 mg pa tsiku, mayi 75 mg, pamene mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafunika 25 mg basi. Anaikanso malire amene munthu asamapyole: 2000 mg kwa wamkulu, 650 mg kwa mwana wa msinkhu wa wanuyo. Ndiye onani, bambo aima pa malire penipeni, mwana wawapyola kale ndi piritsi limodzi lija. Munthu akamwa wambiri chonchi nthawi imodzi, matumbo amangotengako theka kapena kucheperapo. Wotsalayo amakhalira m'matumbo momwemo n'kumakoka madzi, n'chifukwa chake m'mimba mumapota, mumalira, kenako n'kutsegula. Amene walowa m'magaziyo, thupi likakhuta impso zimamutaya mu mkodzo. Zili ngati kupitiriza kupopa mjigo ndowa itadzaza kale. Ndalama ya bambo ikuthera kuchimbudzi.

Koma musawaseke, maganizo amenewa sanawayambe ndi iwo. Anawafalitsa kwambiri ndi Linus Pauling, katswiri wa sayansi wa ku America yemwe analandira mphoto ya Nobel kawiri, amene m'ma 1970 ankalimbikitsa anthu kumwa vitamini C wochuluka kuti apewe chimfine. Poti ananena ndi munthu wamkulu chotero, dziko linamvera. Kafukufuku wambiri amene wachitika kuchokera nthawi imeneyo sanamuvomereze kwenikweni. Munthu wamba womwa mapiritsiwa tsiku ndi tsiku amadwala chimfine kangapo pa chaka monga wina aliyense, kungoti chimatha msanga pang'ono, mwina ndi maola chabe. Kuyamba kumwa chimfine chitakugwira kale ndiye sikusintha kanthu kooneka. Chimfine cha mwezi wa June chimafala chifukwa timathithikana m'nyumba ndi m'minibasi mawindo ali otseka. Kusamba m'manja ndi sopo kungakuthandizeni kuposa piritsi.

Apa musamve ngati ndikunyoza vitamini ameneyu. Ndi wofunika zedi, ndipo thupi la munthu silimupanga lokha monga imachitira mbuzi kapena galu. Tiyenera kumudya. Ndiye amathandiza kupanga ulusi wolimba umene umagwira khungu, nkhama ndi mitsempha ya magazi, ndipo bala limapola bwino iye akakhalapo. Akasowa m'thupi kwa mwezi umodzi kufikira itatu, munthu amayamba kutopa popanda chifukwa, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi potsuka mkamwa, mano amagwedera, zipsera zakale zimatha kutsegukanso. Matenda amenewa, a scurvy, anapha amalinyero ambiri pa maulendo ataliatali apanyanja. Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anatenga odwala 12 m'sitima n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala ake. Amene anachira msanga ndi awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu. Zipatso, Mayi, osati piritsi.

Ndipo ife zipatsozo tili nazo. Lalanje limodzi lapakatikati lili ndi pafupifupi 70 mg. Gwafa, amene ana amangogenda m'mitengo ndipo ena amamuona ngati chipatso cha amphawi, amaposa lalanje kanayi mukayeza kulemera kofanana, moti gwafa mmodzi wabwino wakwanira bambo tsiku lonse. Papaya, mango, manachesi a ku Mwanza amene amadzaza misika nyengo yozizira yomweyi, masau, malambe, zonsezi zili naye. Kwanu ku Dedza kuli kabichi, tomato ndi mbatatesi, nazonso zimathandiza. Ndalama ya mapiritsi a sabata imodzi ingagule zipatso zodya banja lonse, ana onse atatu, osati mmodzi.

Pamene ndikufuna mutchere khutu ndi pa mphika. Vitamini C ndi wosachedwa kuonongeka: amasungunuka m'madzi, amaopa moto, ndipo soda ndiye mdani wake wamkulu. Tangoganizani mmene ambirife timaphikira mpiru. Timaudula m'mawa, n'kuutsuka utadulidwa kale, n'kuusiya m'beseni la madzi. Kenako timauwiritsa m'madzi ambiri mpaka usinthe mtundu, madzi obiriwira aja n'kuwakhuthulira kuseri kwa khitchini ati akuwawa. Pofika pa mbale watsala ndi masamba okhaokha. Nkhwani ndi chigwada timathira soda kapena chidulo kuti zifewe msanga, ndipo zimafewadi, koma vitamini wapita. Chigwada chokha ndiye musachifupikitse, chimafunika kusinja ndi kuphika mokwanira kuti poizoni wake achoke. Therere lopanda soda ndikudziwa kuti apongozi angakubwezereni, ndiye sindikuti musiye, ingodziwani kuti tsiku la therere vitamini C achokere kwina. Mfutso nawo ndi wabwino pa zina, koma kuwiritsa kuja ndi dzuwa zimamumaliza vitamini ameneyu.

Masamba ena onsewa muzitsuka musanadule, mudule mphika uli kale pamoto, madzi akhale ochepa, muvundikire, muphule akadali obiriwira, ndipo msuzi wake udyedwe. Ndimu mufinyire pa mbale, osati mu mphika wowira. Chimodzimodzi malambe: phala lizizireko kaye musanathire ufa wake. Zakumwa zotsekemera za mtundu wa lalanje zija musazidalire, zambiri ndi shuga ndi utoto.

Bambo muwauzenso ichi mofatsa. Vitamini C wochuluka thupi limamusandutsa oxalate, chinthu chimene chimapanga miyala mu impso, ndipo kafukufuku waonetsa kuti chiopsezochi chimakwera mwa amuna omwa mapiritsi amphamvu kwa nthawi yaitali. Amene anadwalapo miyalayi kapena ali ndi vuto la impso asamwe popanda kuuzidwa ndi dokotala. Mapiritsi osungunula m'madziwa amakhalanso ndi sodium, yemwe uja wa mu mchere, choncho a BP asamale. Ngati bambo amasuta fodya, n'zoona kuti amafunika woonjezera, koma ndi 35 mg chabe pa tsiku. Theka la lalanje limenelo.

FUNSO: Ndine woyembekezera, miyezi isanu. Kusikelo anandiuza kuti magazi ndi ochepa ndipo anandipatsa mapiritsi a ayironi. Mnzanga akuti ndizimwera madzi a mandimu, osati tiyi. Ndi zoona? Ndine mtsikana wa ku Nkhotakota.

YANKHO: Mwanawe, mnzakoyo usamutaye, wakuuza zoona. Ayironi wa m'mapiritsi, wa mu nyemba, nandolo ndi bonongwe salowa m'thupi mosavuta, ndipo vitamini C amamuthandiza kulowa akakumana m'mimba nthawi imodzi. Tiyi amachita zosiyana, amamumanga ayironiyo kuti angodutsa. Ndiye piritsi lako umwere madzi, utsatize gwafa, nachesi kapena kagawo ka papaya, tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Ukadya nsima ya nyemba uchitenso chimodzimodzi. Mayi woyembekezera amafunika 85 mg pa tsiku, woyamwitsa 120 mg, ndipo zipatso ziwiri zikukwanira. Mapiritsi a 1000 mg usagule ayi. Chimbudzi chikada ndi mapiritsi a ayironi usadabwe n'kusiya kumwa, zimatero. Poti kwanuko ndi kunyanja, uzigona mu neti usiku uliwonse ndipo mankhwala oteteza malungo a kusikelo usadumphe, chifukwa malungo amamaliza magazi mofulumira kuposa mmene mandimu angawabwezere.