Chibwenzi changa cha pa Facebook chikufuna ndalama, ndichite bwanji?

Azakhali, ndine mtsikana wa ku Balaka ndipo ndili ndi chibwenzi chomwe tinadziwana pa Facebook. Iye akuti ali ku Joni amagwira ntchito pa kampani ya magalimoto, pa profile pake pali zithunzi ali mgalimoto yapamwamba atatchena suti, nde ine ndinamukonda ndithu osanama. Pano akuti apolisi amugwira chifukwa alibe mapepala akufuna kumupititsa ku Lindela, komwe amasungirako anthu oti abwezedwe kwawo, ndiye ndimutumizire ndalama pa Airtel Money ya mnzake wa ku Mzuzu. Video call amakana akuti kamera inafa. Ndimukhulupirire?
Wodandaula, Balaka

Mwanawe, usatumize ngakhale 1 kwacha.

Zithunzi za pa profile munthu amachita kusankha yekha zomwe akufuna tiwone basi. Ana athu ambiri ku Joni amagwira ntchito za mgadeni, mnyumba za mabwana, ena mmashopu, ntchito zabwinobwino zomwe zikudyetsa makomo ambiri kuno kumudzi, koma pojambulitsa wina amatsamira galimoto ya abwana kuti kwawo asamuseke. Ameneyo ndimamumvetsa, ndi manyazi chabe. Koma palinso wina woti chithunzicho sichake nkomwe, anangochitenga pa akaunti ya munthu wina nkuyikapo dzina lopeka, mwinanso ali konkuno ku Malawi akucheza ndi atsikana angapo nthawi imodzi ndipo aliyense akumuuza nkhani yomweyo ya Lindela. Wakoyu zizindikiro zake zikuloza kumeneko. Munthu wogwira ntchito pa kampani alephere kubwereka foni ya mnzake kwa mphindi ziwiri kuti umuwone nkhope? Komanso ndalama timadziwa zimachoka ku Joni kubwera kuno pa Mukuru, nde izi zochoka ku Balaka kudzera ku Mzuzu zikupita kuti?

Ukafuna kumudziwa munthu pa Facebook usamataye nthawi ndi zomwe walemba yekha, ona zomwe anthu ena amalemba pa iye. Tsika mmunsi mpaka ma post akalekale. Munthu weniweni umapeza achemwali ake akumufunira zabwino pa birthday, anzake akusukulu akumutchula dzina lachibwana, ena amupanga tag pa chithunzi cha ukwati kaya maliro akwawo. Ukaona akaunti yatsegulidwa posachedwa, ma friends ake ndi atsikana okhaokha, ma comment ndi "nice pic" basi palibe womutchula achimwene kapena malume, dziwa kuti pali vuto. Chithunzi chakecho ukhozanso kuchiyika pa Google Lens, app yofufuzira zithunzi pa intaneti, uwone ngati sichikutuluka ndi dzina lina.

Ndiye mufunse kwawo, mudzi, mfumu, T/A, ndi nambala ya mayi ake kapena amalume ake. Mwamuna wofuna banja sabisa kwawo chifukwa ankhoswe adzachokera komweko.

Mauthenga onse usafufute, jambula ma screenshot pamodzi ndi nambala ya ku Mzuzuyo. Ma SIM kuno amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika ndipo tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lokhudza milandu ya pa intaneti, choncho akayamba kukuopseza, makamaka ngati unamutumizirapo zithunzi zako zachinsinsi, pita nazo ku polisi ya Balaka usachite manyazi. Uuzenso mkulu wako kapena mayi ako lero lomwe, usanamuyankhe uthenga wina.
Azakhali