Fani yosazimayo musaisekerere, yambani ndi relay kenako sensa

Achimwene, mwafunsa za fani ya redieta ya Toyota Sienta yanu imene sikuzima. Amene akukuuzani m'makomenti muno kuti "isiyeni izizungulira, injini izizizira bwino" musawamvere, zimandiwawa kwambiri ndikamawerenga zimenezi. Sienta yanuyo, ngati fani ikuyamba mukangotembenuza kiyi m'mawa injini ili zii, pali chimene chalakwika. Pa injini ya 1NZ imeneyo fani imayenera kudikira madzi atenthe kupitirira madigiri 90, izungulire pang'ono, izime. Basi.

Poyamba zimitsani AC, ndipo onetsetsani kuti batani loumitsa nkhungu pagalasi lakutsogolo silili pa ON, chifukwa pa magalimoto ambiri limayatsa kompuresa mwakachetechete ndipo fani imatsatira. Ikazima pamenepo, palibe vuto lililonse, ndi mmene anaipangira. Koma ikamathamanga mwaukali nthawi zonse AC ikayaka, kayikirani gasi wa AC amene anathira mopyola muyezo, kapena condenser (karedieta ka AC) yodzadza matope ndi ziwala kutsogoloko.

Ikakana kuzima, funso n'loti: mukachotsa kiyi imazima kapena ayi? Ikamapitirira kiyi ali m'thumba mpaka batire kutha, pafupifupi nthawi zonse ndi relay (kaswichi ka magetsi koyatsa ndi kuzimitsa fani) yomatirira mkati, kapena waya amene munthu anakoka kuchokera ku batire. Pali magalimoto ena, makamaka a ku Ulaya ngati VW, amene fani imatsala ikuzungulira mphindi zochepa mutazimitsa injini yotentha, zimenezo n'zabwinobwino, koma osati theka la ola, osati injini yozizira. Tsegulani boneti, pezani bokosi lakuda la mafyuzi, kuseri kwa chivindikiro kuli chithunzi, funani polembedwa FAN kapena RDI. Zulani relay. Fani ikazima, igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva, ibwezereni, kapena isinthanitseni ndi ina ya nambala yofanana ndendende ya m'bokosi momwemo. Ndikuti yofanana ndendende, musangoona kuti miyendo yalowa. Ma Toyota akale ngati Corolla ya AE100 ali ndi relay ya fani yogwira ntchito mobwerera, imakhala yotseka ikapanda magetsi, ndiye mukaikapo wamba mudzisokoneza nokha. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, koyilo ya relay imawerenga ma ohm pakati pa 60 ndi 100, ndipo miyendo ikuluikulu iwiri ija ya relay wamba isalize mita kuti "piii" relay ili m'manja.

Tsono mukazula ma relay onse a fani koma iyo n'kumazungulirabe, dziwani kuti galimotoyo inadutsa m'manja mwa anthu a dairekiti. Anthu amenewa ndi amene amandikwiyitsa. Munthu wabwera ndi galimoto yotentha, m'malo moyeza, amadula waya wa fani, kupotokola ndi waya wina wofiira wa wailesi, kukulunga ndi pepala la pulasitiki, kukalumikiza pa ignition kapena pa batire penipeni, popanda ngakhale fyuzi. Thermostat, kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha, amachotsa n'kutaya m'ngalande, ati "izi n'za ku Japan kozizira, kuno ku Malawi sizifunika." Bodza lenileni. Kenako amakulipiritsani ngati wagwira ntchito yaikulu. Mota ya fani imakoka ma amp oposa 10, kawaya kowonda kaja kamatentha, kamasungunuka, ndipo moto wa pansi pa boneti umayamba choncho.

Ndipo mapeto ake amakhala amodzimodzi. Mota ija anaipangira kupumira, inu mwaiyendetsa miyezi isanu ndi umodzi osapuma, mabulashi a m'kati atha. Siifera pakhomo ayi. Imafera mu Okutobala, masana, mukukwera chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, muli kumbuyo kwa thiraki yodzadza imene ikukwawa pa giya wani, mphepo yolowa kutsogolo kulibe. Phokoso la fani munalizolowera ndiye kuti yasiya simukuzindikira. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano alibe geji ya kutentha, ali ndi kanyali ka buluu ndi kofiira basi, ndipo kofiirako kakamayaka madzi amakhala atatentha kale kwambiri. Mphamvu imayamba kuchepa, injini ikulira ngati mwathira timiyala m'chitini, kafungo kotsekemera ka coolant kalowa m'kati, ana kumbuyo ayamba kudandaula, poima palibe chifukwa mbali ino ndi phiri mbali inayo ndi phompho. Mumati ndikafike pamwamba. Mukamaima, nthunzi ili tolotolo. Apa ndi pamene munthu amalakwitsa kawiri: amatsegula chivindikiro cha redieta ndi kansalu, madzi owira amamuthovukira m'manja ndi kumaso, kenako amapempha chigubu cha madzi ozizira n'kukhuthulira mu injini yotentha. Silinda hedi ya 1NZ ndi ya aluminiyamu, imapindika. Mawa lake oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera kumbuyo, madzi akutuluka thovu m'redieta. Gasiketi, kupala hedi, mabawuti, oilo, ntchito, kukoka galimoto, zonsezi chifukwa cha kachitsulo kamene kakanasinthidwa mu mphindi khumi. Wa dairekiti uja ukamubwerera amangoti injini inali yotopa kale.

Ngati relay ili bwino ndipo mawaya sanaseweretsedwe, pitani pa sensa ya kutentha kwa madzi. Pa 1NZ ili pa silinda hedi mbali ya giyabokosi, pafupi ndi pamene paipi yaikulu ya pamwamba imatulukira, pulagi yake ndi ya mawaya awiri. Kompyuta ya galimoto ikasiya kumva sensa imeneyi imadziteteza poyatsa fani nthawi zonse, ndiye nthawi zambiri vuto limakhala pulagi chabe: yathothoka atatsuka injini ndi mpope, kaloko kake kanathyoka, mwalowa dzimbiri lobiriwira, kapena khoswe anatafuna waya galimoto itagona pafupi ndi nkhokwe. Zulani pulagi, tembenuzani kiyi pa ON, yezani: waya mmodzi apereke ma volt 5, winayo ndi earth. Sensa yeniyeniyo yezani ma ohm. Injini yozizira, madigiri 20, iwerenge pafupifupi 2,400. Pa madigiri 80 itsike kufika cha m'ma 300. Mutha kuichotsa n'kuviika nsonga yake m'kapu ya madzi otentha, nambala izitsika bwinobwino osadumphadumpha. Ikawerenga OL (kusonyeza kuti yaduka mkati) kapena ziro, yafa. Pochotsa injini ikhale yozizira, ndipo konzekerani kuti madzi atayika pang'ono. Gulani ya Denso kapena yochotsa pa injini ina yabwino, zotchipa zija zimanama kutentha ndipo mudzangoona mafuta akuthamanga.

Amene ali ndi kompyuta yoyezera, izi n'zachidule. Pa makodi a vuto amene imaonetsa, P0118 ndi waya woduka kapena pulagi yozuka, ndipo pa live data mudzaona madigiri -40. P0117 ndi mawaya ogundana. M'mawa musanalize galimoto, kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa kuyenera kufanana kapena kusiyana pang'ono chabe. Kukasiyana kwambiri, sensa ikunama. Kachipangizo ka ELM327 kolumikiza ndi foni kamathandiza, ngakhale magalimoto ena akale ochokera ku Japan amakana kulankhula nako. Musalole munthu angofufuta makodi n'kukubwezerani kiyi.

Koma samalani, mwina fani sikunama, injini ikutenthadi. Izi ndi za amene fani imayamba pakapita mphindi khumi kenako osazimanso. Injini ikazizira tsegulani chivindikiro cha redieta, madzi akhale mpaka pakhosi, musakhulupirire kabotolo ka m'mbali kokha. Onani labala wa chivindikirocho, ndipo ngati mukugula china tsatani nambala yolembedwa pamwamba, 0.9 kapena 1.1. Lizani injini, gwirani paipi ya pansi, pamene pali thermostat. Iyenera kukhala yozizira kwa kanthawi kenako itenthe mwadzidzidzi thermostat ikatseguka cha m'ma digiri 82. Ikamakhalabe yozizira ya pamwamba ikuotcha, thermostat yakakamira kapena redieta yatsekeka. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat mulibe kapena yakakamira ili yotseguka, ndipo kanyali ka buluu kaja kamachedwa kuzima, injini ikumwa mafuta ngati yozizira tsiku lonse. Madzi a pamjigo ndi amene amapha maredieta ambiri, amasiya miyala yoyera ngati ya m'ketulo, timapaipi timatsekeka, mukayendetsa dzanja pa redieta mumapeza malo ena otentha ena ozizira. Thirani coolant. Ya pinki ya Toyota imabwera yosakaniza kale, yofiira ija mumasakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled. Mukathira tulutsani mpweya: hita pa HOT, chivindikiro chotsegula, injini izilira mpaka thovu lithe, mukuwonjezera pang'onopang'ono. Mpweya ukatsalira pa sensa, nayonso imawerenga zosokonekera. Ndipo manja kutali ndi mapiko a fani, imayamba yokha osachenjeza.

Magalimoto ena ali ndi kabokosi ka magetsi komata pa fani penipeni koyendetsa liwiro lake. Kakapsa, fani imangokhala pa liwiro lonse. Kameneko ndi kompyuta ya galimoto muziganizire pomaliza, zina zonse mutayeza, chifukwa alipo ena amathamangira kunena kuti "kompyuta bokosi yapita" asanagwire ngakhale mita.

Panopa, poti fani yanu ikuzungulira, galimoto mutha kuyendera masiku angapo mukufuna ndalama, kuzungulira n'kwabwino kusiyana ndi kusazungulira, bola usiku muzizula relay kapena theminolo ya negative ngati sizima. Ndipo ndinene zoona, tsiku lina fani ikadzakana kuyamba muli kutali ngati pa Chiweta, zulani pulagi ya sensa ija, check engine iyaka koma fani izungulira. Zikakanika ikani dairekiti yomweyo, ndi waya wonenepa ndi fyuzi ya 30, mukafike kunyumba. Mukafika muichotse tsiku lomwelo. Tatiuzani kaye ngati imazima mukachotsa kiyi, ndipo jambulani bokosi la mafyuzilo mutumize muno tione ngati muli waya wachilendo.