Achimwene a ku Bangula, anemone ija iyambe yadikira

Imelo yanu inafika Lachiwiri usiku ndipo ndinaiwerenga katatu. Mwati muli ndi thanki ya galasi ya malita 120 ya madzi amchere, yatha milungu itatu, muli tinsomba tiwiri ta clownfish, ndipo alamu anu akubwera kuchokera ku Joni mu Disembala. Mukufuna ndikusankhireni choti akugulireni pakati pa anemone (chamoyo chofewa chooneka ngati duwa, chomata pamwala, chimene clownfish zimabisalamo m'nyanja), starfish yabuluu (chamoyo chooneka ngati nyenyezi) ndi shrimp (kanyama ka m'madzi, kachibale ka nkhanu). Tulo sitinabwere msanga usiku umenewo, chifukwa zinthu zitatu zomwezo ndi zimene inenso mtima wanga unakakamira nditangobwerera kuno ku Nchalo, ndipo zonse zitatu zinafera m'manja mwanga.

Zamoyo za m'nyanja yamchere ndinazidziwira ku Durban. Ndinagwira ntchito zaka zingapo m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, ntchito yanga inali kutsuka mathanki, kusakaniza madzi ndi kunyamula zidebe. Ine mwana wa m'mbali mwa Shire, wokulira mphende ndi milamba, madzi ndinkawadziwa ngati malo opezako ndiwo. Tsiku lina ndikupala ndere pagalasi, kanthu kofiira kokhala ndi mzere woyera pamsana kanakwera padzanja langa n'kuyamba kutolatola pakhungu, m'mbali mwa zikhadabo, ndi timanja take tating'ono ngati ulusi. Ndinaima osapuma. Kameneko ndi cleaner shrimp, dzina lake la sayansi Lysmata amboinensis, kamene m'nyanja kamakhala pamwala umodzi nsomba zikuluzikulu n'kumabwera kudzakayasamulira kuti kazichotse tizilombo m'kamwa ndi m'makha. Nsomba yoti ikanatha kukameza kamodzi n'kamodzi imangoima phee. Kuyambira tsiku limenelo nsomba zinatsika mtengo m'maso mwanga. Chimene ndinkafuna chinali tinthu topanda fupa la msana iti: nkhono, nkhanu, shrimp, makorali (tizamoyo tomanga matanthwe a m'nyanja).

Pobwerera kumudzi ndinkaona kuti nzeru zonse ndabwera nazo m'mutu. Chimene sindinawerengere n'chakuti sitolo ija inali ndi makina oziziritsa chipinda usana ndi usiku, makina enanso oziziritsa madzi, ndi jenereta panja yodzilizira yokha magetsi akazima. Zinthu zimenezo ndinkazidutsa tsiku lililonse osaziona. Theka la luso limene ndinkati ndi langa linali la makina aja.

Madzi ndiwo anayamba kundiphunzitsa. Mnansi wanga wina, bambo wachikulire wa mtima wabwino, atamva kuti ndikuitanitsa mchere wa m'thumba kuchokera kunja anadabwa kwambiri. Anati mjigo wathu womwewu madzi ake ndi amchere kale moti amayi amaulambalala pokatunga akumwa, bwanji osangotunga amenewo? Funso lake linali lanzeru, chifukwa kuno ku chigwa mijigo yambiri imatulutsadi madzi amchere, ndipo agogo athu a Chimang'anja ankatcheza dothi n'kuphika mchere wogulitsa kumtunda. Koma mchere ndi wosiyanasiyana. Madzi a m'nyanja ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndipo mkati mwake muli calcium, magnesium ndi carbonate pa muyeso wokhazikika, zimene nkhono imamangira chigoba ndi korali mafupa ake. Wa kukhitchini ndi sodium chloride yekhayekha wothira ayodini. Madzi a mjigo simudziwa chimene chili m'menemo, ndipo chaka chino ndi chaka chamawa sizifanana. Thanki imafuna madzi osefedwa ndi makina a RO (ochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi), osakaniza ndi mchere wopangidwira ntchito imeneyi, mpaka refractometer, yoyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, iwerenge 1.025 kapena 1.026.

Mphende yathu yomweyi ndi imene imatipusitsa. Ndi nsomba yolimba modabwitsa, imatha kukhala m'madzi a Shire, imathanso kukhala m'madzi amchere ngati a m'nyanja. Ndiye timaganiza kuti chilichonse cha m'madzi chimapirira. Nsomba ili ndi impso ndi makha zimene zimasunga mchere wa m'thupi mwake pa muyeso umodzi ngakhale kunja kusinthe. Shrimp ya m'makorali, starfish ndi anemone zilibe chitetezo choterocho. Madzi a m'thupi mwawo amatsatira madzi amene zakhalamo. Mchere ukakwera mwadzidzidzi thupi limafota, ukatsika limafufuma. N'chifukwa chake clownfish zanuzo zikusambira mokondwa m'madzi amene shrimp ingafe m'masiku awiri, inu n'kumati madzi ali bwinobwino.

Kenako panabwera Okutobala. Inu a ku Bangula sindikuuzani zachilendo, mukudziwa mmene malata amathetherekera masana, mphepo yolowa pawindo ngati yochokera pa ng'anjo, kunja madigiri kupitirira 40. Thanki ya makorali imafuna 24 mpaka 27. Yanga tsiku lina masana inafika 33. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, pomwe zamoyo zikatenthedwa zimafuna mpweya wambiri, ndiye zimapanikizika mbali zonse ziwiri. Makorali ali ndi tindere tating'onoting'ono m'thupi mwawo timene timawapangira chakudya ndi kuwala, ndipo kukatentha amatilavula n'kuyera mbee. Zimenezi zinachitika m'nyanja zikuluzikulu mu 1998 ndi mu 2016, ndipo kumeneko madzi anangokwera ndi digiri imodzi kapena awiri kwa milungu ingapo. Ine ndinkawakweza ndi madigiri asanu ndi limodzi masana amodzi okha.

Ndinaika fani yowuzira pamwamba pa madzi, inathandizadi, kutentha kunatsika ndi madigiri awiri kapena atatu. Koma fani imaziziritsa pouluza madzi, ndipo madzi akauluka mchere umatsala. Werengani nokha ndi thanki yanuyo. Ikataya malita atatu patsiku, pakutha pa masiku anayi yataya 12, gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo mchere wachoka pa 35 kufika pafupifupi 39. Ine ndinkadikira Loweruka n'kuthira chidebe chonse cha madzi opanda mchere nthawi imodzi. Shrimp yanga yoyamba inafa Lamlungu m'mawa. Inaphedwa ndi dzanja lomwe linkafuna kuithandiza.

Anemone inafa mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawomba. Pano ndilankhule mosamala, chifukwa masiku amenewo anthu anataya nyumba, mbewu, ziweto ndi abale awo, msewu wa M1 unaduka, ndipo malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka moti dziko lonse linalowa mumdima. Changa chinali chaching'ono poyerekeza ndi zimenezo ndipo sindikuchiika pamzere umodzi. Koma mwandifunsa za thanki, ndiye ndikuuzeni. Pampu itaima, madzi anangoti zii. Ine ndi mayi a kunyumba tinkasinthana usiku wonse, tochi kukamwa, kutunga madzi ndi kapu n'kumawatsanulira pamwamba kuti mpweya ulowe. Usiku woyamba tinakwanitsa. Wachiwiri manja anatopa, ndipo kunja kunali anthu ofuna thandizo kuposa galasi langa. Tsiku lachitatu anemone inamasuka pamwala, kukamwa kwake kuli yasa, n'kuyamba kusungunuka ngati phala. Fungo lake silinenedwa. Anemone ikafa siifa yokha, imaola msanga n'kudzaza madzi ndi ammonia, poizoni wochokera ku zoola. Pofika madzulo nkhono, nkhanu, tinsomba, zonse zinali gone pansi.

Ndiye pa anemone yankho langa ndi ayi, ndipo sindikufewetsa. Thanki ya milungu itatu ndi khanda. Ngakhale kumene magetsi sazima, odziwa amadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka asanaike anemone, ndipo imafuna nyale zamphamvu kwambiri. Imayendanso usiku kusaka malo oikomera, ikakumana ndi pampu imakokedwa n'kugayidwa. Clownfish zanu siziifuna kuti zikhale ndi moyo. Zambiri zogulitsidwa masiku ano zinaswedwa m'mathanki, anemone sizinaionepo, zimakhazikika pakona pa galasi kapena pamwala n'kumaikira mazira pomwepo. Chamoyo chimene m'nyanja chikanakhala zaka makumimakumi, ife tichichotse kumeneko, tichiyendetse ulendo wonsewo kuti chidzathe miyezi iwiri ku Bangula chifukwa choti tinaona chithunzi chokongola pa Facebook? Ine zimenezo ndinachita kamodzi ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Starfish yabuluu, Linckia, ndiye ndimafika pokwiya nawo ogulitsa. Amadziwa bwino kuti chakudya chake ndi utoto wopyapyala wa tizamoyo tomera pa miyala ya m'nyanja, chimene thanki yaing'ono singakwanitse kupanga. Imaoneka yabwinobwino kwa miyezi ikufa ndi njala pang'onopang'ono, kenako nsonga za miyendo zimayamba kuyera n'kuthothoka. Mwini wake amadziimba mlandu, n'kukagula ina. Wogulitsa amene angapatse alamu anu Linckia atamva kuti ikupita m'thanki ya malita 120 ndi munthu wofuna ndalama basi, ndipo china chilichonse chimene anganene musachikhulupirire.

Chimandikhudzanso n'chakuti m'sitolo ya ku Durban ija, thanki imene makasitomala ankaimapo nthawi yaitali inali ya mbuna za ku nyanja yathu ya Malawi. Anthu a ku Germany ndi ku America amasunga ndalama kuti aziwete, amaloweza mayina a zilumba ndi matanthwe athu. Mutati tsiku lina mwatopa ndi mchere n'kusankha mbuna, sindidzati mwagonja. Komabe mwafunsa za m'nyanja yamchere, ndipo ine ndikudziwa kuti mtima ukagwidwa ndi zimenezi sumva zina.

Zoti alamu abweretse

Ngati akubwera pa basi, asanyamule chamoyo chilichonse. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi wa masiku awiri, mu Disembala, kathumba ka madzi kali pansi pa mpando. Abweretse zouma: refractometer, thermometer, zoyezera ammonia, nitrite, nitrate ndi alkalinity, thumba la mchere, kamakina ka RO ngati mulibe, ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Kapampu kameneko kakanakhalapo mu 2022 bwenzi nkhani yanga ili ina. Ndalama ya anemone ija ipite ku batire ndi inveta, kapena sola yoti pampu isaime. Zamoyo zidzabwere pa ndege kudzera ku Chileka, mu Juni kapena Julaye kukazizira, mutafunsiratu za chilolezo ku dipatimenti ya za nsomba. Makorali olimba ndi nkhono zikuluzikulu za Tridacna zili pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zotetezedwa, zimafuna mapepala akeake.

Ikadzakwana nthawiyo, poizoni wa ammonia ndi nitrite ali pa 0 ndipo ndere zayamba kumera, yambani ndi nkhono za Trochus zinayi kapena zisanu. Zimadya ndere ndipo zikagwa chagada zimadzitembenuza zokha, pomwe za Astraea zimangokhala choncho mpaka kufa. Ngati muli ndi mchenga onjezani Nassarius zitatu, zimene zimabisala pansi n'kutuluka zikamva fungo la chakudya chotsala. Za Margarita zikaneni, ndi za madzi ozizira. Nkhanu zokhala m'zigoba, ma hermit crab, imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo muziponyeramo zigoba zopanda kanthu, apo ayi zidzapha nkhono zanu kuti zilande nyumba. Polowetsa, ikani chamoyocho m'kabeseni ndi madzi amene chabwera nawo, muzidonthezeramo madzi a m'thanki ndi kapaipi kwa pafupifupi ola limodzi, kenako chinyamuleni chokha, madzi a m'thumba mutaye.

Pali china chimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri koma kwathu kuno n'chachikulu. Mankhwala opopera udzudzu, makoyilo ofukiza usiku, ndi mankhwala a thonje ngati cypermethrin amapha shrimp ndi nkhanu ngakhale atalowa pang'ono zedi, chifukwa shrimp ndi msuweni wa tizilombo timene mankhwalawo anapangidwira. M'chipinda cha thanki musapoperemo. Mukachokera kumunda kapena mwagwira neti yonyikidwa m'mankhwala, sambani m'manja bwinobwino n'kutsukuluza sopo yense musanapise. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (mkuwa) nawonso asayandikire, kopa amalowerera m'miyala n'kumapha zopanda msana kwa nthawi yaitali. Madzi obwezeretsa ouluka aja akhale opanda mchere, pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse. Jambulani kamzere pagalasi kuti muziona pamene afika.

Ndipo tsiku lina mukadzakhala ndi shrimp, m'mawa wina mudzapeza yagona pamchenga, yoyera, yosasuntha, ndevu zake zonse zilipo. Musathamangire kulira. Imafundula ngati njoka, ndipo chimene mwaonacho nthawi zambiri ndi chikopa chabe, mwini wake wabisala kuseri kwa mwala kudikira chatsopano chilimbe. Ine tsopano ndili nayo imodzi, yatha zaka ziwiri, imakwerabe padzanja langa ngati ija ya ku Durban.

Shrimp imeneyo ndi yokhayo pa zitatu zanuzo imene ndingavomere, koma osati chaka chino. Ndikupempheni chinthu chimodzi, achimwene. Kuyambira mawa mpaka kumapeto kwa Novembala, muzilemba m'kope kutentha kwa madzi nthawi ya 2 koloko masana ndi 5 koloko m'mawa, ndi maola amene pampu yaima. Ngati mulibe thermometer, ya ku famase yoyezera thupi siithandiza, bwerekani yolowa m'madzi kufikira alamu atabwera. Mudzanditumizire manambalawo. Akadzakhala kuti sakudutsa 28, tidzakambirana za shrimp ndipo ndidzakuuzani mmene ndimaidyetsera yanga.