Quadro yakaunjika pa magemu: pa makhadi asanu amenewo, tengani P2000

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli ndi Dell OptiPlex 7050 ya bokosi lalikulu, ya i5-7500 ndi RAM ya 16GB, power supply yake ndi ya 240W yopanda chingwe cha 6-pin chopatsira khadi magetsi owonjezera, ndipo wogulitsa wakuonetsani makhadi a zithunzi (graphics card) a Nvidia opangidwira ntchito za mu ofesi: Quadro K2200, M2000, M4000, P2000 ndi ina yolembedwa Quadro 4000 yomwe mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Mukufuna kumasewera gemu ya mpira ya FC 24, GTA V ndi Fortnite pa 1080p. Pa asanuwo, tengani P2000. Koma musalipire musanafunse mtengo wa GTX 1650, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza.

Choyamba muziyang'ana chilembo chimene chili patsogolo pa nambala, chifukwa ndicho chimanena m'badwo wa khadilo. K kawirikawiri ndi Kepler, M ndi Maxwell, P ndi Pascal, ndipo pambuyo pa P panabwera RTX ndi T za m'badwo wa Turing. Nambalayo imangonena udindo wa khadi pakati pa anzake a nthawi yomweyo. Ndiye Quadro 4000, K4000, M4000, P4000 ndi RTX 4000 ndi makhadi asanu osiyana kotheratu, ndipo pakati pa loyamba ndi lomaliza pali zaka zisanu ndi zitatu. Quadro 4000 yopanda chilembo imene mwaionayo ndi ya 2010, ya m'badwo wa Fermi, ili ndi ma CUDA core (tizigawo ta mu chip togwira ntchito yowerengera) 256 okha ndi memory ya 2GB, koma imadya magetsi okwana 142W ndipo imatentha. Ngakhale mtengo utsike chotani, isiyeni. Anthu ambiri amapusitsidwa pomwepa, poganiza kuti 4000 ndiye kuti ikuposa 2000.

Njira yosavuta yodziwira mphamvu ya Quadro pa magemu ndi kupeza GeForce (khadi la Nvidia la magemu) imene inapangidwa ndi chip yofanana nayo, chifukwa Nvidia imagwiritsa ntchito chip imodzi m'mabanja onse awiri. K2200 ya 2014 ili ndi ma core 640 pa chip ya GM107, yomweyo ya GTX 750 Ti, kungoti inapatsidwa 4GB. GTA V, yomwe inatuluka pa kompyuta mu 2015, imayenda pa K2200 ngati simukweza kwambiri ma setting. Vuto lili pa mpira wanuwo. EA, kampani yopanga gemuyi, inalemba kuti FC 24 imafuna GTX 1050 Ti kapena RX 570 kupita m'mwamba, komanso khadi lofika pa feature level 12_0 ya DirectX 12, pulogalamu ya Windows imene magemu amalankhulira ndi khadi. Chip ya GM107 imathera pa 11_0. Apa nkhani sikungochedwa kwa gemu ayi, gemu yofuna 12_0 imatha kukana kutseguka, ndipo palibe driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) imene ingakonze zimenezo chifukwa malirewo ali mu chip momwemo. Makhadi onse a Kepler, monga K2000, K4000 ndi K4200, ali ndi malire omwewa.

M2000 ya 2016 ndi m'bale wake wa GTX 950: ma core 768, 4GB, magetsi 75W, yosafuna chingwe china. Imeneyi DirectX 12 imaikwanitsa ndithu, ndipo Fortnite pa performance mode idzayenda. Koma ili pansi pa 1050 Ti imene EA inaika ngati poyambira, ndiye pa FC 24 mudzakhala mukutsitsa chilichonse kuti mpira usamadukeduke. Ndingaitenge pokhapokha mtengo wake utakhala pafupi ndi theka la wa P2000.

Tsopano P2000. Inatuluka mu 2017, ili ndi chip ya GP106, yomwe ilinso mu GTX 1060, koma anaitsegulira ma core 1024 pomwe 1060 ya 6GB ili ndi 1280. Memory yake ndi 5GB. Pa magemu imagwera pakati pa 1050 Ti ndi 1060, kutanthauza kuti magemu atatu mwatchulawo onse adzayenda pa 1080p, ena pa medium ena pa high. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi chakuti zonsezi imazichita ndi 75W basi, magetsi amene slot ya PCIe pa motherboard imapereka yokha. Simufunika 6-pin, simufunika kusintha power supply, ndipo pa ma OptiPlex awa chimenechi ndi chachikulu, chifukwa Dell inagwiritsa ntchito pulagi yakeyake pa motherboard m'malo mwa 24-pin yodziwika ija, ndiye power supply wamba ya m'shopu silowa popanda adaputa. Khadilo ndi lopyapyala, limatenga slot imodzi, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 20. Tsegulani bokosi muyeze kaye kuchokera kumbuyo kufika pomwe pamakhala hard drive. Ngati nthawi zina mumayendetsa kompyuta pa invata magetsi akazima, khadi la 75W ndi la 185W ngati RX 580 zimasiyana kwambiri pa nthawi imene batire lingakupirireni. Mukapeza P2200 pa mtengo woyandikana, imeneyo ndiye yoposa: ndi ya 2019, ma core 1280 onse ndi otsegula, memory ndi GDDR5X, magetsi ndi 75W omwewo.

M4000 ndi imene ndikufuna muchenjere nayo, chifukwa 8GB yolembedwa pa iyo imakopa. Ma core ake ndi 1664, ofanana ndi a GTX 970, koma liwiro lake analitsitsa kufika cha m'ma 770 MHz pomwe 970 imayambira pa 1050 MHz. Anachita dala kuti khadi la slot imodzi lisatenthe likamagwira ntchito usana ndi usiku mu ofesi. Zotsatira zake, pa magemu ambiri M4000 siposa P2000, ngakhale ili ndi memory yochuluka. Memory ili ngati nkhokwe: kukula kwa nkhokwe sikuchulukitsa chimanga ngati olima ali ochepa. 8GB imeneyo imathandiza munthu wojambula nyumba kapena makina pa pulogalamu ya 3D, koma pa 1080p chip imatopa isanaidzadze. Kuwonjezera apo M4000 imafuna 120W ndi chingwe cha 6-pin chimene inu mulibe. Wogulitsa angakuuzeni kuti pali kachingwe kochotsa magetsi pa pulagi ya SATA kupita ku 6-pin. Chonde musavomere. Pulagi ya SATA inapangidwira magetsi ochepa, pafupifupi 54W pa 12V, pomwe 6-pin imayembekezeka kupereka mpaka 75W, ndipo tizingwe totchipa timeneti timasungunuka. Pa power supply ya 240W yomwe yatumikira kale zaka zambiri mu ofesi, mungawononge kompyuta yonse pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Za mtengo ndiye pamene pagona nkhani. Quadro inkadula ili yatsopano chifukwa makampani ankalipirira ma driver oyesedwa ndi kuvomerezedwa pa mapulogalamu ngati AutoCAD ndi SolidWorks, komanso chithandizo cha zaka zambiri. Pa gemu zimenezi sizikuwonjezerani kalikonse. Ogulitsa ena amakumbukirabe mtengo wakalewo ndipo amauika pa khadi la zaka zambiri. Ndiye funsani mtengo wa GTX 1650 yosafuna 6-pin, chifukwa zilipo za mitundu iwiri, ina imafuna ina ayi. Mphamvu ya 1650 ndi ya P2000 zimayandikana. 1650 ili ndi 4GB m'malo mwa 5GB, koma ndi ya m'badwo wa Turing, ili ndi HDMI, ndipo idakali kulandira ma driver atsopano. Mitengo ikafanana, 1650 ndiyo yanzeru. P2000 ikatsika mooneka, tengani P2000. Ngati thumba lingafike pa RTX 3050 ya 6GB, yomwe inatuluka mu 2024 ndipo imadya 70W popanda chingwe china, imeneyo imaposa makhadi onse takambiranawa, koma ikudula koposa.

Za ma driver ndazikhudza kale, koma zikufunika kumveka bwino. Nvidia inasiya kupanga ma driver atsopano a magemu a Kepler mu 2021. Za Maxwell ndi Pascal, mndandanda wa ma driver a 580 ndiwo womaliza, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2025 makhadiwa akungolandira zokonza za chitetezo. Izi sizitanthauza kuti P2000 isiya kugwira ntchito. FC 24, GTA V ndi magemu ena amene alipo kale adzapitiriza kuyenda. Koma gemu yatsopano ikadzakhala ndi vuto pa khadi limeneli, palibe adzalikonze. Magemu ena ayamba kale kufuna ray tracing (njira yojambulira kuwala) ya mu chip momwemo, monga Indiana Jones and the Great Circle ya mu Disembala 2024, ndipo pa Pascal satseguka. Gulani P2000 mukudziwa kuti ndi ya magemu a dzulo ndi a lero, ndipo mtengo wake uzisonyeza zimenezo.

Ngati wogulitsayo ali ndi za AMD, Radeon Pro WX 5100 nayo ndi ya 75W yopanda chingwe, ili ndi 8GB ndi chip ya Polaris, koma anaimana magetsi kwambiri moti pa magemu imatsalira kumbuyo kwa P2000. WX 7100 ndiyo yofanana ndi RX 480 pa chip, koma imafuna 6-pin. Za FirePro zakale zisiyeni.

Musaiwale kumbuyo kwa khadi. P2000 ndi M2000 zili ndi mabowo anayi a DisplayPort basi, HDMI palibe. Ngati mumasewera pa TV, gulani chingwe kapena adaputa ya DisplayPort kupita ku HDMI tsiku lomwelo, ndipo muone kuti ndi yolowera mbali imeneyo, chifukwa zingwezi sizigwira ntchito mobwerera. Monita ya VGA imafuna adaputa yokhala ndi chip mkati. Mtengo wa zimenezi muuphatikize pa mtengo wa khadi mukamayerekeza ndi 1650.

Kwa ena a m'gulu lino amene muli ndi ma OptiPlex kapena ma HP ang'onoang'ono a SFF, P2000 silowa m'bokosi lanu. Zanu ndi P1000, ya ma core 640, 4GB ndi 47W, kapena T1000 yomwe ili ndi ma core 896 ngati GTX 1650 koma imadya 50W. Zonsezi zili ndi mini DisplayPort, ndipo muonetsetse kuti akupatsani kachitsulo kafupi komangira kumbuyo. Makhadi a Tesla monga P4 ndi M40 musakopeke nawo: alibe polowetsa monita ndipo alibe fani, anapangidwira ma seva okhala ndi mphepo yawoyawo.

Pokagula, nyamulani kompyuta yanuyo kapena pemphani kuti aliyese pamaso panu. Ikani GPU-Z, pulogalamu yoonetsa za mkati mwa khadi, pa flash, muone ngati ikuwerenga GP106, ma core 1024 ndi 5GB. Kenako yatsani FurMark, pulogalamu yoyesera khadi pa ntchito yolemetsa, kapena gemu imene muli nayo kwa mphindi 15 mukuyang'ana kutentha kwake. Fani ya P2000 ndi yaing'ono, ikafika pa ntchito imamveka, koma isamakhulule kapena kuimaima. Pa sikirini pasaoneke timadontho kapena mizere. Khadi likafulumira kupyola 85°C, kawirikawiri ndi fumbi ndi thermal paste youma, zimene zimakonzeka mosavuta, koma ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti atsitse mtengo. Pemphaninso masiku angapo oti mungalibweze likavuta. Mukapeza mitengo ya P2000 ndi 1650, ilembeni muno tiiyerekeze limodzi musanapereke ndalama.