DVD yonyamula pa ulendo wa basi

Achimwene, mwafunsa za DVD yoonera m'tekisi komanso pa basi yochokera ku Park Station ku Johannesburg. Musanalipire, funsani ngati ndi region free, kutanthauza kuti imawerenga zimbale za chigawo chilichonse, poti zimbale za DVD zimapangidwira zigawo zosiyanasiyana za dziko lapansi. South Africa ili m'chigawo 2, Malawi m'chigawo 5, ndiye chimbale chochokera kumudzi chikhoza kukana pa makina akuno.

Batire ndiye vuto lalikulu. Zambiri zimagwira maola 2 mpaka 5 basi, pomwe ulendo wa ku Blantyre umapitirira maola 24. Power bank wamba wa 5V sangakuthandizeni, poti makinawa amafuna 9V mpaka 12V.

Sankhani yokhala ndi polowetsa fulashi. M'mabampu chimbale chimadumpha, fulashi ayi, ndipo moto umachedwa kutha. Pitani ndi fulashi yanu mukayesere m'sitolo momwemo, chifukwa zambiri zimawerenga mavidiyo a mtundu wa AVI koma zimakana a mtundu wa MP4.